AMITHENGA A M'MAGAZI NDI ULENDO WA M'MLENGALENGA

M'caka ca 1964, pamene dziko la Zambia linali kulandira ufulu wace, mphunzitsi wina dzina lace Edward Makuka Nkoloso anasonkhanitsa acinyamata pa munda wina pafupi ndi Lusaka, nalengeza kuti adzawatumiza ku mwezi. Powakonzekeretsa ulendowo anali kuwalowetsa m'mgolo wa mafuta wopanda kanthu ndi kuugubuduza pa citunda, ndiponso anali kuwakankha pa katungwe, kuti alaweko m'mene thupi limvera likaleka kulemera. Anthu ambiri anaseka, ndipo combo cace sicinanyamuke konse. Koma pa cinthu cimodzi Nkoloso sanalakwe ai: munthu asanapite kumwamba ayenera kuyamba wayesedwa pansi pano. Maiko amene ali ndi zombo za m'mlengalenga acita cimodzi-modzi kufikira lero lino, kungoti m'malo mwa mgolo iwo agwiritsa nchito kama wa m'cipatala.

Cifukwa cace ndi ici. Pa dziko lino pali mphamvu imene ikoka cinthu ciri conse kumka pansi. Munthu saizindikira popeza anabadwiramo, koma thupi lace lilimbana nayo usana wonse. Mafupa ndi minofu ya miyendo ndi ya msana zinyamula katundu wa thupi, ndipo mtima ukankha magazi kuti akwere kumutu. M'combo cozungulira dziko nchito zonsezi zitha, pakuti munthu ndi zinthu zace angoyandama. Tsono thupi liri ndi khalidwe lace lakuti ciwalo cimene sicigwira nchito licicepetsa. Minofu ifota, madzi a m'magazi acepa, ndipo pfupa la m'ciuno litaya gawo limodzi kapena limodzi ndi theka pa magawo 100 mwezi uli wonse.

Pamene Yuri Gagarin anazungulira dziko pa 12 April 1961, ulendo wace unatha m'mphindi 108 zokha, cotero bvutoli silinaoneke. Koma Valeri Polyakov anakhala masiku 437 m'combo ca Mir kuyambira 1994 kufikira 1995, ndipo ulendo wopita ku Mars ndi kubwerako ungathe zaka ziwiri kapena zitatu. Ku Mars kulibe cipatala, kulibenso womnyamula munthu amene miyendo yace yakana. Madokotala ayenera kudziwiratu zimene zicitika m'thupi. Popeza oyenda m'mlengalenga ndi owerengeka ndipo ulendo wao udya ndalama zambiri, mayeso ambiri acitika pansi, pa matupi a anthu athanzi amene adzipereka okha.

Kama wopendekera kumutu

M'zaka za m'ma 1970 anthu a ku Russia amene anabwera kucokera m'mlengalenga anali kudandaula kuti pogona usiku amva ngati akutsetserekera kumiyendo kwa kama, ndipo ena anayamba kukweza kama kumiyendo kuti apeze tulo. Madokotala a ku Moscow anaona nzeru m'menemo. Anayesa kugoneka anthu mutu uli pansi pang'ono kuposa mapazi, napeza kuti kupendeketsa kama madigiri 6 kucititsa thupi kusintha monga lisinthira m'combo. Pa kama wa mamita awiri, ndiye kuti kumiyendo kwakwera masentimita ngati 20.

Munthu woyesedwa sadzuka. Adya ali gone, asamba ali gone, adzithandiza ali gone, ndipo phewa limodzi liyenera kukhudza matiresi nthawi zonse. Ena agona masiku 30, ena 60 kapena 90. Mayeso atali koposa anacitika ku Institute of Biomedical Problems ku Moscow kuyambira 1986 kufikira 1987, pamene amuna angapo anagona masiku 370.

Pali njira zinanso ziwiri. Yoyamba ndi yogoneka munthu pa nsaru yosalowa madzi imene yayalidwa pamwamba pa bafa lalikulu la madzi ofunda. Munthuyo amira m'nsaruyo osanyowa, ndipo palibe mbali ya thupi imene imva kutsamira. Yaciwiri ndi yotsekera anthu m'zipinda za citsulo zonga combo, kuti madokotala aone zimene kupanikizana ndi kusungulumwa zicita. Motero ndi m'mene amuna 6, atatu a ku Russia, mmodzi wa ku France, mmodzi wa ku Italy ndi mmodzi wa ku China, anatsekeredwa ku Moscow masiku 520, kuyambira pa 3 June 2010 kufikira pa 4 November 2011. Mayeso amenewo anachedwa Mars-500.

Amithenga ndi ayani?

Pa mgodi waukulu mau ayenda m'njira ziwiri. Ena apita pa telefoni ndipo afika nthawi yomweyo. Ena alembedwa pa kalata imene mthenga ainyamula, ndipo ngakhale icedwa, lamulo lace likhala masiku ambiri. M'thupi mulinso motero. Mitsempha yocokera ku ubongo ndiyo telefoni, ndipo makalata ndiwo mahomoni, timadzi timene ciwalo cimodzi citulutsa ndipo magazi atinyamula kumka ku ziwalo zina.

Mahomoni alipo a mitundu yambiri, koma pali banja limodzi lochedwa steroid, limene thupi liliumba kucokera ku mafuta ochedwa cholesterol. Popeza ndi a mtundu wa mafuta, mahomoni amenewa alowa mosabvuta m'kati mwa timagawo tating'ono-ting'ono ta thupi tochedwa maselo, nalamula selo zimene liyenera kumanga kapena kupasula. Ncifukwa cace nchito yao sioneka msanga, koma ikhalitsa.

Akulu a banjali ndi anai. Cortisol ndi aldosterone acokera ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Testosterone acokera makamaka ku ziwalo za umuna, ndipo estrogen acokera makamaka ku ziwalo za mkazi zosunga mazira. Testosterone anapezedwa ku Amsterdam mu 1935, ndipo aldosterone ku London mu 1953. Mu 1948 madokotala a pa Mayo Clinic ku America anapatsa cortisone, mbale wace wa cortisol, kwa mai wina amene nyamakazi inamgoneka, ndipo patapita masiku owerengeka maiyo anali kuyenda. Cifukwa ca nchito ya pa mahomoni a pamwamba pa impso, Edward Kendall, Philip Hench ndi Tadeus Reichstein analandira mphotho ya Nobel mu 1950. Lero madokotala ayesa kuculuka kwa mahomoni amenewa m'magazi, m'mkodzo ndi m'malobvu, ndipo ogona pa kama uja apereka zitatu zonsezi kawiri-kawiri.

Aldosterone, mlonda wa mcere ndi madzi

Nchito ya aldosterone ndi kuuza impso kuti zisunge mcere, ndipo kumene mcere ukhala madzi atsatanso. Amene anagwirako nchito ku migodi yozama ya golidi ya ku Johannesburg akumbukira kuti alendo anali kuyamba azolowetsedwa kutentha masiku angapo asanapatsidwe nchito yeni-yeni. M'masiku amenewo aldosterone ndiye aphunzitsa khungu kutulutsa thukuta la mcere wocepa, kuti munthu asathe mphamvu.

Munthu akagona mutu uli pansi, madzi a m'miyendo asefukira ku cifuwa ndi kumutu. Nkhope itupa, mphuno zitseka ngati wadwala cimfine, ndipo miyendo iwonda. Mtima umva ngati magazi aculuka, ngakhale kuti angosamuka cabe. Pamenepo aldosterone atsika, impso zitsegula njira, ndipo munthu akodza kwambiri tsiku loyamba. Patapita masiku owerengeka madzi a m'magazi akhala atacepa ndi magawo 10 kufikira 15 pa 100. Tsono aldosterone akweranso ndi kugwira mcere wotsalawo kuti madzi asapitirire kutayika.

Muyeso watsopanowu uyenera munthu wogona, koma suyenera munthu woima. Tsiku lodzuka, magazi ocepa aja athamangira kumiyendo, ubongo usowa, ndipo munthu amva cizungulire, mwina kukomoka kumene. Zomwezo zicitikira obwera kucokera m'mlengalenga, ndipo zicitika pa nthawi yoopsa, pamene afunika kutuluka m'combo msanga. Madokotala anayesa mankhwala ochedwa fludrocortisone, amene agwira nchito monga aldosterone. Kwa ogona pa kama anathandiza kubweza madzi a m'magazi, koma atayesedwa pa oyenda m'mlengalenga eni ace sanaletse cizungulire cija. Ici cinasonyeza kuti kama afanana ndi combo, koma sali combo ai. Njira imene yakhala ikugwira nchito ndi yakumwa madzi ambiri pamodzi ndi mibulu ya mcere combo cisanatsike.

Codabwitsa cacikulu ca aldosterone cinaoneka m'zipinda za citsulo za ku Moscow. Dokotala wa ku Germany, Jens Titze, anaona kuti pamenepo panali mwai umene supezeka kwina. Cakudya conse ca amuna otsekeredwa cinali coyesedwa pa sikelo, ndipo mkodzo wao wonse unali kusungidwa tsiku ndi tsiku. Iye anawapatsa magalamu 12 a mcere pa tsiku kwa masabata angapo, kenaka 9, kenaka 6, zakudya zina zonse osazisintha. Anatero kwa masiku 105 m'mayeso oyamba a 2009, ndiponso kwa masiku 205 m'mayeso akulu aja.

Mabuku a udokotala anali kuphunzitsa kuti mcere umene munthu wadya lero utuluka m'mkodzo pafupi-fupi tsiku lomwelo. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Pamene masiku anaculuka, kunaoneka kuti ngakhale munthu adye mcere wofanana tsiku liri lonse, wotuluka ukwera ndi kutsika potsata nyengo yace ya masiku ngati 7. Aldosterone ndi cortisol anali kukwera ndi kutsika pa nyengo yomweyo, koma mosinthana: aldosterone akaculuka mcere unali kusungidwa m'thupi, cortisol akaculuka unali kutuluka. Zimenezi zinafalitsidwa mu 2013, ndipo zinaphunzitsa madokotala kuti mkodzo wa tsiku limodzi sukwanira kudziwitsa mcere umene wodwala adya.

Mu 2017 akatswiri omwewo analengezanso cinthu cina. Ali yense adziwa kuti ndiwo zowawa mcere zidzetsa ludzu. Koma pa nthawi yaitali, amuna aja pamene anali kudya mcere wambiri anali kumwa madzi ocepa, ndipo anali kudandaula njala. Mahomoni a mtundu wa cortisol anali atakwera. Poyesa mbewa, akatswiri anapeza kuti thupi lofuna kutaya mcere osataya madzi lipanga urea wambiri, yemweyo amene alimi amdziwa ngati feteleza, pakuti urea athandiza impso kugwira madzi. Kuti lipange ureayo, thupi liyenera kupeza cakudya coonjezera, ndipo cikasowa liyamba kudya minofu yace yomwe. Mcere wa m'mbale, tsono, ukhudza ngakhale minofu.

Cortisol, mthenga wa tsiku la tsoka

Cortisol ndiye mthenga amene thupi limtuma pa nthawi ya ngozi, mantha, njala kapena kubvulala. Iye akweza shuga m'magazi kuti ubongo ndi mtima zisasowe cakudya, ndipo aziziritsa zotupa. Koma shugayo mbali ina amtenga popasula mapuloteni a m'minofu. Ali ngati munthu amene usiku wa cisanu asasula mitengo ya denga lace kuti asonkhere moto. Usiku umodzi nzeru imeneyo ipulumutsa moyo, koma akatero mwezi wonse nyumba igwa.

Kugona pa kama pakokha sikukweza cortisol kwambiri, pakuti wogonayo adziwa kuti ali pa mtendere ndipo dokotala ali pafupi. M'combo muli zina: kunyamuka ndi kutera koopsa, phokoso, tulo tocepa ndi nchito yosalola kulakwa. Cotero madokotala a ku Galveston, m'cigawo ca Texas ku America, anaganiza zophatikiza ziwirizi. Mu 1999 Arny Ferrando ndi anzace anafalitsa mayeso amene anathira cortisol m'mitsempha ya amuna athanzi kawiri: asanagone, ndiponso atagona masiku 14. Muyeso wa mankhwala unali umodzi-modzi, koma paciwiripo minofu inapasuka kwambiri kuposa poyamba. Mnofu umene wakhala osagwira nchito umvera cortisol msanga.

Mu 2006 Douglas Paddon-Jones ndi anzace pa malo omwewo anaonetsa kukula kwa bvutoli. Amuna amene anagona masiku 28 popanda mankhwala anataya mnofu wa miyendo wolemera pafupi magalamu 400. Amene anagona masiku omwewo akupatsidwa cortisol wofanana ndi wa munthu wodwala kapena wobvulala anataya kilogalamu imodzi ndi magalamu 400, ndiko kuti kuposa katatu. Pamenepa panaoneka mfundo yaikulu ya mayeso onsewa. Cimene ciyambitsa kufota ndi kusowa katundu wonyamula. Cortisol angofulumiza nchito imene ulesi wa mnofu waiyamba kale. Ndipo safulumiza minofu yokha, pakuti cortisol akakhalitsa aletsanso maselo omanga mafupa, monga zioneka kwa odwala amene amwa mankhwala a mtundu umenewu zaka zambiri.

Cortisol ali ndi nthawi zace. Aculuka mbanda kuca kuti adzutse thupi, natsika pang'ono-pang'ono kufikira pakati pa usiku. Dzuwa ndilo lilunjikitsa koloko imeneyi. Anthu a shifiti ya usiku pa mgodi kapena pa njanji adziwa m'mene thupi likanira: tulo ta usana sitikhutitsa, ndipo pa 3 koloko ya usiku manja alemera. M'combo cacikulu ca International Space Station, cimene cizungulira dziko m'mphindi ngati 90, dzuwa lituluka ka 16 pa tsiku limodzi. M'zipinda za Mars-500 dzuwa silinaoneke konse. Mwa amuna 6 aja, anai anabvutika ndi tulo, ndipo mmodzi thupi lace linayamba kuwerenga tsiku la maola ngati 25, kotero kuti nthawi zina iye anali kugona anzace ali maso. Malobvu ao anasonyeza cortisol woculuka kuposa wa asanalowe, ndipo pamene miyezi inali kupita onse anacepetsa kuyenda-yenda. Cortisol wokwera ndi thupi longokhala ndizo ziwiri zija zimene zinaononga minofu ku Galveston.

Testosterone, amene anamnamizira

Testosterone ndiye acititsa mnyamata kumera ndebvu ndi kusintha mau, ndiponso athandiza kumanga minofu ndi mafupa. Kwa zaka zambiri akatswiri anaganiza kuti iyeyu ndiye acepa m'mlengalenga, ndi kuti kucepa kwaceko ndiko kufotetsa minofu. Anali ndi zifukwa zace. Makoswe amene anatumizidwa m'zombo, ndi ena amene anayesedwa pansi powakweza kumcira kuti miyendo ya kumbuyo isaponde, anasonyeza testosterone wocepa. Amuna anai amene anauluka pa ulendo waufupi wa Spacelab D-2 mu 1993 anasonyezanso cimodzi-modzi.

Koma khoswe si munthu. Khoswe akakwezedwa kumcira, ziwalo zace za umuna zitsetserekera m'mimba mmene muli motentha, ndipo kutenthako pakokha kuononga nchito yace. Mu 2012 Scott Smith ndi anzace a ku NASA, mu mzinda wa Houston, anafalitsa zimene anapeza m'magazi a amuna amene anakhala miyezi yambiri mu International Space Station, ndi a ena amene anagona pa kama wopendekera masiku 60 kufikira 90. Testosterone sanatsike, ngakhale m'combo ngakhale pa kama. Anatsika pa tsiku lotera lokha, tsiku la kutopa ndi nkhawa. Komabe minofu ndi mafupa a ogonawo zinafota ndithu. Mthenga analipo, koma mnofu wosagwira nchito sunali kulabadira kalata yace.

Nanga kuonjezera testosterone sikungathandize? Zimenezi zinayesedwa. Mu 1999 Jeffrey Zachwieja ndi anzace a ku Baton Rouge, m'cigawo ca Louisiana, anafalitsa mayeso a amuna ogona masiku 28, ena mwa iwo akulasidwa jekeseni ya testosterone sabata iri yonse. Olasidwawo anasunga mapuloteni a m'thupi, ndipo pa sikelo mnofu wao sunacepe. Koma atayesedwa mphamvu, miyendo yao inapezeka yofooka monga ya anzao. Mnofu unalipo, mphamvu panalibe, pakuti mphamvu ifuna kuti mitsempha ya ku ubongo izolowere kulamula mnofuwo tsiku ndi tsiku.

Mu 2018 kunatuluka zotsatira za mayeso ena a ku Galveston. Amuna 24 anagona masiku 70, atagawidwa magulu atatu. Gulu loyamba linangogona. Laciwiri linali kucita masewera olimbitsa thupi liri gone, pa makina okankha ndi miyendo ndi opalasa ngati njinga. Lacitatu linacita masewera omwewo ndi kulandiranso testosterone wocepa, masabata awiri kulandira, awiri kupumula. Gulu loyamba linafota. Laciwiri linasunga minofu yace. Lacitatu linaonjezerako mnofu pang'ono, koma cimene cinapulumutsa mphamvu m'magulu awiriwa cinali nchito ya miyendo ija.

Mau amenewa ayenera kufika kwa anyamata a m'matauni amene agula majekeseni ndi mapiritsi a steroid mobisa kuti zifuwa zao zikule. Ku Galveston muyeso unali waung'ono, ndipo madokotala anali kuyesa magazi nthawi zonse. Munthu akalandira testosterone wocokera kunja wambiri, thupi lace lileka kupanga wace. Mbeu ya umuna icepa kufikira ena alephera kubereka, ndipo mtima ndi ciwindi zingaonongeke.

Akazi ndi estrogen

Kwa nthawi yaitali ambiri mwa ogona pa makama amenewa anali amuna, ngakhale kuti mkazi woyamba, Valentina Tereshkova, anauluka kale mu 1963. Thupi la mkazi liri ndi mthenga wace, estrogen, amene pamwamba pa nchito yace ya ubereki ateteza mafupa poletsa maselo opasula pfupa kuti asapitirire muyeso. Mai akasiya kusamba estrogen acepa, ndipo mafupa ace ataya gawo limodzi kapena awiri pa 100 caka ciri conse. M'mlengalenga kutaya kwa caka conse kumeneko kucitika m'mwezi umodzi, kwa akazi ndi amuna omwe.

Mu 2005 ku Toulouse, m'dziko la France, akazi 24 anagona masiku 60 pa makama opendekera. Ena anangogona, ena anapatsidwa cakudya ca mapuloteni oonjezera, ndipo ena anali kucita masewera. Cakudya cija sicinaletse minofu kufota, koma masewera anateteza nchafu ndi mphamvu zace. Yankho linali lomwe lija la kwa amuna. Pali kusiyana kwina: pa maulendo afupi a zombo za America, akazi ndiwo anapezeka acita cizungulire kawiri-kawiri poimirira atatera. Ndiponso akazi ambiri oyenda m'mlengalenga amwa mapiritsi olera mosalekeza kuti asasambe pa ulendo, ndipo mapiritsi amenewo nawonso ndi mahomoni a steroid, amene madokotala ayenera kuwawerengera poganiza za mafupa ndi za kuundana kwa magazi.

Phindu lace kwa otsala pansi

Cifukwa ca mayeso amenewa, anthu a mu International Space Station apatsidwa maola ngati awiri tsiku liri lonse a kuthamanga atamangidwa ndi malamba, kupalasa, ndi kukankha makina olemera. Abwera ali olimba kuposa anzao a kale, ngakhale bvuto la mafupa silinathe lonse.

Koma opita kumwamba ndi owerengeka, ndipo ogona m'zipatala ndi osawerengeka. Munthu amene mwala wamthyola mwendo pansi pa mgodi, kapena amene galimoto yamgunda pa mseu, ali ndi zonse ziwiri zija pa nthawi imodzi: wagona osadzuka, ndipo kubvulala kwakweza cortisol wace. Tsiku locotsa cikhakha iye adabwa kuona mwendo wace utasanduka ngati ndodo, ndipo akaima maso acita mdima. Palibe wamlodza. Minofu yapasulidwa, ndipo aldosterone ndi impso zayesa madzi a m'thupi molingana ndi munthu wogona.

Kale madokotala anali kukhulupirira kuti kugona ndiwo mankhwala a nthenda iri yonse. Mu 1966, ku Dallas, anyamata asanu a zaka 20 anagonekedwa masabata atatu, ndipo mphamvu ya mtima ndi mapapo ao inatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anai. Patapita zaka 30, mu 1996, madokotala anawaitananso amuna omwewo ali ndi zaka 50, napeza kuti zaka 30 za ukalamba sizinawafooketse monga anacitira masabata atatu aja.

Ncifukwa cace m'zipatala za lero wodwala amene wacitidwa opareshoni kawiri-kawiri adzutsidwa m'mawa mwace, ngakhale bala likali kuwawa. Namwino amene amkhazika tsonga, namyendetsa mapazi awiri kapena atatu pafupi ndi kama, sacita nkhanza. Amene sangathe kudzuka auzidwa kupinda ndi kutambasula miyendo ali gone, monga acitira ogona a ku Toulouse ndi ku Galveston. Abale odzazonda matenda acita bwino akamlimbikitsa wodwala wao kutsata mau amenewa m'malo momletsa, makamaka ngati ali nkhalamba, pakuti mnofu wa nkhalamba ufota msanga ndipo ucedwa kubwerera. Ndipo wodwala amene wapatsidwa mapiritsi a mtundu wa cortisone kwa masabata ambiri asawaleke mwadzidzidzi payekha, cifukwa tiziwalo ta pamwamba pa impso tikhala titapumula nchito yao, ndipo tifuna nthawi kuti tiyambenso. Dokotala ndiye acepetsa muyeso pang'ono-pang'ono.